Chitseko cha aMwale

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, tikudzuka. Dzinja lachitatu layandikira chichokereni inu, ndipo kalatayi ndalemba chifukwa amayi aang'ono andituma. Akuti nkhani ya nyumba yanu ya ku Vubwi ndikuuzeni ndekha, iwo sangayerekeze. Ndikuuzani, koma ndiyambe ndi za pakhomo, paja inu munkadana naye munthu wotula nkhani yaikulu asanapereke moni.

Mng'ono wanga Lute anachira kuno ku Katete, mwana wamkazi. Akamayamwa amakwinya pachipumi ngati mmene munkachitira inu posankha nyemba. Alongo anga aYobe ku Sinda thonje lawavuta, mbozi zinalowa iwo akuzengereza kupopera, koma mtedza wawapukuta misozi. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa, ndipo ikadali yakuba monga munaisiyira.

Ine ntchito ndi yomwe ija munkaitcha ya akabawi, yoyang'ana pansi uli m'mwamba. Simunafune kumva zambiri, koma lero pirirani pang'ono chifukwa nkhani ya nyumbayo yagona pamenepa. Kumwambako kuli setilaiti zingapo zoyenda mondondozana. Imodzi imaponya mafunde a rada pansi, mafundewo akagunda nthaka, miyala ndi mitengo amabwerera, ndiye zinzake zimamvetsera, iliyonse ili pamalo pake. Zomwe yamva imodzi yokha zimatipatsa chithunzi chosalala ngati mphasa. Tikaphatikiza za zonse pa kompyuta, phiri limatuluka ndi msinkhu wake, chigwembe ndi kuya kwake, kaya kunja kuli mitambo. Ine ndi Lute tikamenyana munkatiitana mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti, "Iwe unaima pati pamene zimachitika?" Munkati nkhani ya munthu mmodzi ndi theka la nkhani. Makinawa amagwira ntchito motero.

Dzinja lathali munda wa kumtunda kwa nyumba unang'ambika mng'alu wautali. Amayi aang'ono anangoukwirira ndi khasu, koma ine mtima sunakhale pansi, chifukwa m'nyumbamo amagonamo iwo ndi adzukulu awo awiri, ndipo phiri lili pamutu pawo. Mwamwayi gulu lathu linali ndi ntchito yojambula mapiri a ku Vubwi, ndiye ndinapempha akuluakulu kuti zizindikiro ziwiri tikaike kwathu. Chizindikirocho ndi chitsulo cha makona atatu, chakukamwa ngati dengu, choyang'ana kumwamba. Chimabweza mafunde mwamphamvu, pachithunzi n'kumaoneka kadontho kowala. China tinaika pathanthwe la tsidya la mtsinje, pomwe munkayanika mphale, china kumtunda kwa nyumba. Tinkafuna tione ngati chakumtundacho chizisuntha pakapita miyezi.

Patangopita masabata ochepa, kadontho ka kumtunda kanazima. Anzanga kuntchito anati basi, ogula zitsulo zakutha atola. Ndinakwera minibasi ya ku Chipata, n'kulumikiza ya ku Vubwi, njira yonse ndikutafuna mawu okanena kwa wakubayo. Kufika pamunda, chitsulo chili pompo, chovundikiridwa chafufumimba bwinobwino, mwala pamwamba. Amayi aang'ono akubwera kuchokera kudimba, osaonetsa n'komwe kuti alakwa. Akuti, "Chiwiya sichigona chagada panja, mwanawe. Amayi ako sanakuphunzitse? Ufuna udzudzu utimalize?" Ndinawaonetsa kabowo kotulukira madzi kamene kali pansi pake, iwo n'kuti kameneko anakaona, anangoganiza kuti mabwana anga andipatsa chobooka.

Ndinafuna kukalipa, Amayi, koma ndinangoseka mpaka misozi, chifukwa lamulolo ndi lanu, ndipo ine ndemwe kunyumba kwanga sindingagone beseni lili chagada pakhonde. Kungoti zomwe tinayeza masabata onsewo zinapita m'madzi. Tinayambiranso, nthawi ino miyendo ya chitsulocho tinaimangira mu simenti, amayi aang'ono akuthandiza kutunga madzi uku akung'ung'udza.

Zotsatira zatuluka mwezi wathawu. Kadontho ka pathanthwe kali pomwe tinakasiya. Ka kumtunda katsika. Katsika pang'ono, koma katsika m'chilimwe, nthaka ili gwaa. Nanga ikamwa madzi? Pachithunzi cha phiri pakuonekanso chomwe maso sangaone chifukwa cha mitengo ya masuku: nthaka inadukiza mzere wokhota kuzungulira kumtunda kwa nyumba, ndipo chigawo chonse chochokera pamenepo mpaka kumtsinje chikutsetsereka, nyumba yanu ili pamsana pake. Ndinachita mantha, Amayi.

Ndinanyamula kompyutayo kukawaonetsa amayi aang'ono. Tinakhala pakhonde, ine ndikutembenuza phiri uku ndi uku, iwo akuyang'ana mwaulemu monga amayang'anira mlaliki wachilendo. Nditamaliza anati, "Zithunzi ndaziona, n'zokongola. Koma akulu anga anandigwira dzanja ili, kuti m'nyumba muno moto usazime. Ufuna ndikakumane nawo ndi nkhope yanji?" Ndinalipo tsiku limenelo, ndinakumvani ndi makutu anga.

Atatero anadzuka kuti alowe m'nyumba, chitseko n'kukana. Anachigunda ndi phewa monga munkachitira inu, n'kutulutsa mawu anu omwe aja: "AMwale ukalipentala anauphunzira kumaloto!" Mukukumbuka, dzinja lililonse chitsekocho chinkakakamira, aMwale ankabwera kudzachipala, inu mukuwanyogodola kuti matabwa anagula aawisi. Anachipala katatu konse mpaka pansi pake panayamba kulowa anapiye, koma chaka chotsatira n'kuyambanso.

Apo m'pamene zinandifikira m'mutu. Ndinatola mwala, n'kuumanga kuchingwe cha mbuzi, n'kuulendewetsa pa felemu ya chitseko. Chingwe chinaima chilili, felemu itapendekera kumtsinje. Ndinawapatsa chingwecho amayi aang'ono kuti ayese okha. Anayesa felemu, anayesa zenera, anapita kukayesa ngodya ya kuseri. Pobwera anakhala pansi n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti aMwale tinawanamizira zaka zonsezi?" Ndinati inde, nyumba ndiyo inkayenda, chitseko chinalibe mlandu. Kenako anati, "Chabwino, ndisamuka. Koma amayi ako ukawauze wekha."

Ndiye ndikukuuzani, Amayi. Nyumba yanu tikuiphwasula mvula isanagwe. Zikundiwawa, chifukwa ndikudziwa njerwa zake munaumba nokha atate atatisiya, ndipo ine ndinakulira m'chipinda cha kumadzulo chija. Koma sindingalole kuti phiri lidzakwirire mng'ono wanu ndi ana aja pofuna kusunga makoma. Ngati mukwiye, kwiyirani ine, iwo anakana mpaka pomaliza.

Malo atsopano apezeka tsidya lija, pafupi ndi thanthwe. AYobe abwera ndi ngolo kudzatuta malata ndi mitengo ya denga. Za moto musade nkhawa. Amayi aang'ono akuti makala a pamafuwa anu adzawanyamula okha pa phale n'kuwoloka nawo mtsinje, ndipo mafuwa atatuwo atsatira pambuyo. Kumanda komwe mwagona ndinayang'anako kawiri pachithunzi, nthaka yake siikusuntha.

Chitseko ndanena kuti wina asachikhudze, ndichizula ndekha. AMwale akalamba, maso achita mdima, koma alipo ndipo avomera kudzaimirira pomwe tikuchikhoma panyumba yatsopano. Sindinawauze chifukwa chake. Chikakatsekeka ndi chala chimodzi, ndidzagwira tambala n'kupita naye kwawo, ndikagwade pakhomo. Mlandu wa aMwale munaweruza mutamva mbali imodzi, Amayi, ndipo ndikudziwa kuti kupepesa sikunali kwanu. Ndikulonjeza kuti ndikakupepeserani ine, m'dzina lanu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esinati