Anamumanga Lufeyo Pamtengo wa Bwemba

Amayi, kumeneko mukudzukako bwanji? Ife kuno kwa Maganga tilipo. Mpunga wakudambo unachita bwino chaka chino, kungoti mvuu zinadya mbali yakumunsi ija. Ndinachira mwana wamkazi nthawi yokolola, mphumi ngati yanu, ndipo amayamwa ngati akulipsira.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi mwana wanu Lufeyo. Anabwerako kunkhondo ya Azungu ija, wamoyo, miyendo yonse iwiri. Potsika sitima ku Chipoka anali atakunyamulirani bulangete. Panjira palibe anamuuza za maliro anu, ndiye ndine ndinamuperekeza kumanda. Sanalire. Anangoyala bulangetelo pamtumbira n'kubwerera.

Kuyambira pamenepo Lufeyo anatseka pakamwa. Munthu uja ankaimba popalasa bwato mpaka inu kumukalipira, anayamba kungokhala m'nyumba kuyang'ana khoma, chakudya n'kumaumira m'mbale. Anthu ankati ndi matama a usilikali. Ndinaona zilonda zatsopano m'mikono mwake, iye n'kumati ndi mbedza. Nanga mbedza imam'peza bwanji munthu wosapita kunyanja?

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, anatenga nkhwangwa n'kutsikira kugombe. Anatema bwato la amalume mpaka linang'ambika pakati. Kenako anataya nkhwangwayo n'kuyamba kudzimenyetsa mutu pachibenthu cha bwatolo, magazi ali chuchuchu kumaso. Asodzi anamugwera. Amalume anamukwapula ndi nkhafi, wina anamuponda pachifuwa, dzino linagwera mumchenga. Anamukhwekhwerezera pamtengo wa bwemba n'kumumanga ndi zingwe za khoka. Amalume amvekere, "Misala imamva mkwapulo!" Amayi, Lufeyo sankapherera n'komwe. Ankangoti, "Menyani ndithu, ndimalizeni."

Ndinathamangira komweko mwana ali kumbuyo, mpeni wotumbulira nsomba uli m'manja. Ndinaima pakati pawo n'kunena kuti, "Amalume, wofuna kumumenyanso ayambe ndi ine ndi khandali." Nkhafi inandipeza paphewa, mpaka lero mkono sukukwera bwino, koma zingwe ndinadula. Paja munkati mwana akapsa suyamba wafunsa amene wasonkha moto.

Kutacha kunabwera Che Amidu, msodzi wachisilamu wa ku Chipoka amenenso anali kunkhondo komweko. Anakhala pambali pa Lufeyo. Kenako anakwinya malaya n'kumuonetsa zipsera zawo. Anati, "Walahi m'bale wanga, mdima umenewu ndimaudziwa. Si misala, si matsenga. Ndi nthenda ya mtima, ndipo imanenepa munthu akakhala yekha." Lufeyo analira, Amayi, kulira konse kumene anakana kumanda kuja. Anatiuza kuti akatsinzina amaona anzake amene anawasiya m'matope osaikidwa, ndipo akadzipweteka m'pamene m'mutu mumachita bata pang'ono.

Sindingakunamizeni kuti wachira. Dzulo anadya, lero wakana. Nkhwangwa ndi mipeni ndakasungitsa kwa apongozi. Timalandirana kukhala naye, ine, bambo a mwanayu ndi Che Amidu, amene amabwera ndi maukonde ong'ambika kuti azisoka limodzi. Amalume sakutilankhula, ngakhale kuti bambo a mwanayu alonjeza kuwasemera bwato lina.

Kumtondo amayi anzanga anandifunsa za Lufeyo monong'ona, ine ndinawayankha mokweza, osabisa kalikonse. Pobwerera, mkazi wa Jailosi anandikokera pambali misozi ili m'maso, akuti nayenso mwamuna wake chibwerere kunkhondo sadya, salankhula. Mawa tikamuona ndi Che Amidu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikudziwa kuti mwamusowa mwana wanu. Koma musamukonzere malo msanga kumeneko. Ndikulonjeza kuti ine ndili moyo, palibe adzamumangenso chingwe, ndipo sindimusiya yekha. Akadali wathu kuno.

Ndine mwana wanu,
Esinati