Nkhuku za Amayi Zikukana Mankhwala

Wokondedwa mlongo wanga Fanizo,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko, pamodzi ndi mlamu wanga Lilian ndi kamwanako. Chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno kwa Makhuwira tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino likutiwaula. Alamu ako a Symon ali bwino, Anita nayenso akupita kusukulu.

Usadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Kalatayi aijambula a Rosa, anansi athu aja, n'kukutumizira pa foni yawo. Ndikanaimba, koma umandidziwa, ndikanangolira mpaka mayunitsi kutha.

Nkhuku za amayi zikudwala. Maso atupa, zikuyetsemula, zina zikungoima n'kumasinza masana. Alangizi a ziweto anabwera ndipo anati si chitopa ayi, ndi chimfine, ndipo chimachizika. Anandipatsa ufa wachikasu wosungunula m'madzi. Anati ndizitsekere m'khola kuti zisaone madzi ena koma okhawo.

Kunena n'kosavuta. Iwe pamaliro a amayi sunathe kubwera, ndiye sunaone zimene zinachitika. Anyamata anathamangitsa nkhuku pabwalo lonse kuti anthu opepesa adye. Zimene zinapulumuka zinaona zonse. Chiyambire tsiku limenelo sizikhulupiriranso munthu. Khola zinalithawa, zimagona pamwamba mumtengo wa masawu, ndipo kukacha zimalowa m'bango. Zikamva ludzu zimakamwa matope a pa mjigo.

Ndayesa zonse, mlongo wanga. Ndinathira mankhwalawo m'beseni lomwe amayi ankazimwetsera, ananunkhiza ndi agalu okha. Ndinasakaniza ndi madeya, anadya ndi abakha a eni. Alamu ako anati kugwira tambala si nkhani kwa mwamuna, ndipo anabwerako minga ili thupi lonse, tambala ali phee panthambi. Tinaseka, koma ine mumtima munali mowawa.

Imene tinaigwira ndi kameta uja, wa khosi lopanda nthenga, amene amayi ankamulola kuikira mazira kuseri kwa mtsuko. Tinamugwira chifukwa analibenso mphamvu zothawira. Ndinamutsegula mlomo n'kumamudonthezera ndi supuni. Anameza kawiri basi, kenako anazizira ndili chimunyamulire. Ndinalira ngati maliro ayambiranso, mpaka a Rosa anathamanga poganiza kuti kwagwa zina.

Ndinafika povala chitenje cha amayi ndi mpango wawo, n'kuima pamene ankaima. Nkhukuzo zinandiyang'ana cham'mbali n'kupitiriza ulendo. Sizipusitsidwa ndi nsalu. Zimadziwa mawu. Ukukumbuka mmene ankaziitanira? Ankayamba ndi kuliza lilime, kenako n'kukweza mawu ngati akutsogolera nyimbo kutchalitchi, uku akuzitukwana m'Chisena. Ngakhale zili kutsidya kwa dimba zinkabwera zikupunthana.

Tsono pempho langa ndi ili. Chaka chatha pa Khirisimasi amayi anakutumizira mawu pa foni yanga. Ankakukalipira kuti wawonda pachithunzi. Ali mkati molankhula, kabawi anadutsa pamwamba, iwo anakuiwala n'kuyamba kuitana nkhuku zawo. Foni ndinagwira ndine, ndipo ndinatumiza zonse osadula. Yangayo inapita ndi madzi osefukira aja. Mawu a amayi padziko lino atsala m'thumba mwako mokha. Utumize uthengawo pa foni ya a Rosa kuti nkhukuzi ziwamve.

Sindinaiwale zimene unandiuza, kuti mauthenga a amayi sutsegula chifukwa mtima sukukulola. Sindikukuweruza. Koma kuti upeze uthengawo uyenera kuwamvetsera, ndipo ndikudziwa kuti ndikukupempha chinthu cholemera. Ngati sungathe wekha, upatse Lilian afufuze iwe utatuluka panja.

A Rosa avomera kuti tiike foni yawo m'khola, pafupi ndi madzi a mankhwalawo. Alangizi nditawauza anapukusa mutu, anati kusukulu sanaphunzire zimenezo, koma palibe choipa kuyesa. Alamu ako akuti zikapanda kumwa pofika Lamulungu, akwera mumtengo n'kuzipha zonse matenda asanafalikire kwa anansi. Sindikuwatsutsa, akunena zoona. Koma nkhukuzi ndi zokhazo za amayi zimene zikupumabe.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu. Dzulo m'mawa ndinaima pansi pa mtengo uja kuti ndiyesenso kuitana. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Ndinafunafuna m'mutu poyambira pake, osapapeza. Nkhope yawo ndikuiona bwinobwino, ngakhale chipsera cha pachala chija, koma mawu andithawa. Ine amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi mpaka tsiku lomaliza, ndaiwala mawu a amayi anga, Fanizo. Mvula sinagwe n'komwe pamanda pawo.

Ndiye ngakhale utaona kuti za nkhukuzi ndi zamisala, tumizabe. Zikakana kubwera, ine ndikhala m'kholamo ndekha n'kumvetsera.

Undiperekere moni kwa Lilian, ndipo kamwanako ukapsompsone m'malo mwanga. Anita akuti moni kwa amalume. Mulungu akusunge m'dziko la eni, ndipo akulimbitse mtima pamene uzitsegula foniyo.

Ndine mlongo wako,
Otilia