Pageti Lachitatu Kuchokera Patchalitchi

Bucharest,
9 Novembala, 2008

Wokondedwa mlongo wanga Tiberiu,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Muli bwanji kumeneko ku Montreal, iwe ndi mlamu wanga Doina ndi ana? Msana uja unaleka kukuvuta? Ine ndilipo, kungoti mawondo ayamba kundikumbutsa zaka zanga. Kuno kwayamba kuzizira. Mitengo ya kupaki ya Cișmigiu yayoyola masamba onse, ndipo madzi a m'dziwe lija awaphwetsa kale.

Abambo akudya bwino, mtima usakuthamange. Koma zija unanena pafoni, zoti tiwapezere malo kosungira okalamba kumene geti limakhala lokhoma, sindinakuyankhe bwino. Umandidziwa, pafoni ndimapsa mtima msanga. Ndiye ndati ndilembe, kuti uwerenge mpaka kumapeto popanda kundidula mawu.

Iwe ukuganiza kuti abambo amasochera. Nanenso ndinkaganiza choncho. Tsiku lililonse akamwa tiyi amavala jekete lawo labulauni lija, chipewa kumutu, n'kutsika masitepe. Nditabisa makiyi anakhala pafupi ndi chitseko tsiku lonse osalawa kanthu. Mwezi wathawu ndinasiya kulimbana nawo, ndinangovala nsapato n'kuwatsata pambuyo.

Tibi, sasochera. Amakwera basi yoyenera, amatsika poyenera. Zachilendo zimayamba akafika kwathu kwakale ku Uranus. Pamsewu wotakasuka uja iwo amayenda m'tinjira tomwe kulibenso. Amakhota popanda pokhotera. Amalambalala mtengo umene unadulidwa ine ndikadali mtsikana. Pena amadumpha ngalande pasimenti yosalala, pena amavula chipewa kulonjera khoma la banki. Nditawafunsa kuti akupereka moni kwa ndani, anati kwa a Costache ometa tsitsi, ndipo anandikalipira kuti ndadutsa ngati mwana wosaleredwa. A Costache tinawaika m'manda iwe usanachoke n'komwe.

Chondiopsa n'chakuti patapita masiku, nanenso ndinayamba kuulambalala mtengo uja.

Ukukumbukira tchalitchi chathu chaching'ono, momwe tinabatizidwira tonse awiri? Pamene ankachisuntha iwe unali utathawira kale kunja. Atayamba kugwetsa dera lonse kuti amange chinyumba cha boma chija, tchalitchicho anachikumba kunsi, n'kuchikweza panjanji, n'kumachikoka pang'onopang'ono. Amayi ankachitsata pambuyo atagwira kandulo ngati akuperekeza maliro. Anakachisiya kuseri kwa nyumba zazitali zosanja kuti chisamaoneke kumsewu. Chikadali pomwepo, chopanikizika, ndipo dzuwa limachipeza masana okha.

Abambo anaziona zonsezi ndi maso awo, koma mutu wawo unazitaya. Chimene anasunga n'chimodzi: ukatuluka m'tchalitchi n'kukhotera kumanzere, geti lachitatu ndi lathu. Ndiye amafika n'kuyatsa makandulo m'mabokosi aja a panja. Ya amayi amaiika m'bokosi la amoyo, osati la akufa, ndipo ndinaleka kuwakonza. Kenako amakhotera kumanzere n'kukaima pomwe akuti m'pageti pathu. Ndi poimika magalimoto, pafupi ndi migolo ya zinyalala.

Amaima pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Pali mayi wina wogulitsa ma covrigi otentha, timikate tozungulira tija, pakawindo, Mayi Paraschiva, wa pakamwa poyabwa koma wa mtima wabwino. Tsiku loyamba anandinyoza kuti ana a masiku ano timataya makolo ngati agalu aja anasiyidwa nyumba zitagwetsedwa. Ine, ndi imvi zangazi, mwana wa masiku ano! Tsopano amawatulutsira tiyi ndi kampando. Tiyi amamwa, koma kampando amakana, akuti munthu wokhala pansi saoneka patali.

Mayi ameneyu ndiye anawafunsa funso limene ine, mwana wawo, sindinaganize zofunsa. Anati, “Kodi agogo, pazinyalala pano mukudikira ndani, chibwenzi?” Abambo anaseka, n'kuyankha kuti, “Mnyamata wanga, mayi. Anapita kunja ndi gulu la oyimba, sanabwerere. Ndinamuuza kuti nyumba sithawa, adzatipeza. Tsono akuti agwetsa. Akabwera n'kusapeza munthu pageti, aziti tinamutaya.”

Pakampando kaja ndinakhalapo ine.

Ndikudziwa zimene unene. Unabwera pamaliro a amayi, unabweranso ulendo wina, ndipo umaimba foni Lamlungu lililonse. Koma kwa iwo, woimba foniyo ndi bambo wina waulemu wa mawu aakulu. Akatsitsa foni amandifunsa ngati anali a ku ofesi ya penshoni. Tibi wawo anatuluka pageti atanyamula vayolini, ndipo sanalowenso. Maulendo awiri onse aja unakana kuponda ku Uranus, unkati mtima wako sungapirire. Sindikukunena. Kapena ndinene zoona, ndikukunena pang'ono, chifukwa wangawu palibe anaufunsa ngati ungapirire.

Ndinayesapo kuwaongola, ndipo ndinaononga zinthu. Loweruka lokumbukira akufa lija ndinaphika coliva, tirigu wathu wa pamaliro, ndipo titatuluka m'tchalitchi ndinawakokera pamalo enieni pomwe panali nyumba yathu. Pano ndi kapinga wa paki, kunsi kwa chinyumba chija, palibe ngakhale chidutswa cha njerwa. Tinapezako okalamba ena angapo, aliyense ataima payekha pa udzu, motalikirana, mbale ili m'manja. Ndinachedwa kumvetsa kuti aliyense waima pabwalo la kwawo. Mayi wina pobwera kudzatigawira coliva wake anazungulira patali m'malo modutsa molunjika. Anandinong'oneza kuti sangaponde m'khitchini mwa eni ake.

Ndinawauza abambo kuti kwathu ndi pano, mpesa wawo unali apa, ndipo chimene chinasuntha ndi tchalitchi. Anandigwira dzanja mwachifundo ngati wodwala ndine, n'kunena kuti, “Smaranda mwana wanga, ukufunika kupumula. Tchalitchi chinamera liti miyendo?” Kenako anati ndawachedwetsa, mwina iwe wadutsa kale. Anathamanga, Tibi, nkhalamba ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Anagwa tisanafike pamsewu, n'kung'ambika pachibwano. Dokotala wati balalo si nkhani, nkhani ndi mtima wawo. Akuti akamaimabe panja chipale chofewa chikayamba kugwa, Pasaka sadzamuona.

M'mawa mwake, bandeji ili pachibwano, anali atavala kale jekete.

Ndiye njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi geti lako lokhoma lija. Adzafera kuseri kwake akuganiza kuti iwe uli panja ukuzungulira, ukuwafuna. Ine kumeneko sindingawaperekeze, ngakhale undikwiyire mpaka kumanda. Njira yachiwiri ndiwe.

Bwera, mlongo wanga. Pa moyo wanga wonse ndakupempha zochepa. Bwera Disembala asanalowe. Koma usabwere ndi takisi kunyumba kwanga, masutikesi ndi mphatso zili mbwee, chifukwa adzakupatsa mpando ngati mlendo n'kukufunsa za penshoni. Katundu ukasiye kwa Mayi Paraschiva. Ndakambirana naye kale, ndipo wati ukachedwa adzakuswa mutu ndi covrig wadzana. Utenge vayolini. Kaya zala zinauma, kabokosi kake kokha kakwanira. Ulowe m'tchalitchi, utuluke, ukhotere kumanzere. Usawauze za njanji. Usawauze kuti aima polakwika. Ungoti, “Bambo, ndakupezani.”

Mwina sadzakuzindikira. Ndaziganizira kwambiri zimenezi, ndipo ndili ndi mantha. Pano uli ndi dazi ndi mimba, sindiwenso kamnyamata koonda kaja. Koma nkhope anaiwala za tonse, ngakhale yanga masiku ena. Chimene sanaiwale ndi njira. Munthu wotuluka m'tchalitchi, wokhotera kumanzere n'kuima pageti lachitatu atanyamula vayolini, sangakhale wina. Ndikukhulupirira kuti akakupeza pamenepo adzalola kukhala m'nyumba, pafupi ndi moto, chifukwa sipadzakhalanso womudikira.

Ndipo akakugwira dzanja kuti mulowe pabwalo, ukumbukire kukweza phazi. Pageti paja pali sitepe ija unkapunthwapo uli mwana. Maso ako adzaona phula losalala, koma ukweze ndithu. Iwo amayang'ana.

Undiperekere moni kwa Doina, umuuze kuti andikhululukire pokubera masiku ochepa. Ana uwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusunge, akutsegulire njira, akufikitse nthawi ikadalipo. Mawa ndikatsatanso abambo, ndipo kandulo yako adzaiyatsa monga mwa masiku onse, m'bokosi la amoyo, pambali pa ya amayi.

Ine mlongo wako wokukonda,
Smaranda