Miyala ya Abambo Yowerengera Gule

Partick, Glasgow

Amayi okondedwa,

Kuno mvula ikuwaza chiyambire m'mawa, ndipo ngakhale ndi masana ndayatsa nyale. Muli bwanji? Bondo lija likukulolani kutsikira kugombe? Ine ndili bwino. Ndimadya, ndimagona.

Ntchito yochapa mbale kuhotela ikadalipo. Pafupifupi Loweruka lililonse ndimaimba akodiyoni ya abambo m'maukwati ndi bandi ya a Rennie, oimba vayolini aja ndinakuuzani. Tilipo atatu ndi a Dougie a ng'oma. Anthu amavina mpaka thukuta kamukamu, ine ndimangoona nsapato zawo. Chiikireni abambo m'manda nyimbo sindizimvanso mumtima. Zala zimangoyenda zokha.

Loweruka lapitali ndinalakwitsa ku ukwati wa ku Paisley. Mukudziwa kuti nyimbo ya gule wa mabanja anayi imabwerezedwa kasanu ndi katatu, kuti banja lililonse litsogolere kawiri. Ine ndinaimaliza pa kasanu ndi kawiri. Ndinakoka mawu otsekera aja, anzanga n'kuleka nane. Banja lomwe linatsala linali agogo ake a mkwatibwi. Agogo aamuna anali atangogwira dzanja la akazi awo kuti atsike pakati pa mzere. Anaima choncho, manja ali m'mwamba.

Agogo aakaziwo anandikuwira kuti, “Iwe mtsikana, nkhalamba iyi imandigwira dzanja pa ukwati pokha, ndiye wandilanda!” Anthu anaseka. A Dougie anandinong'oneza kuti kaya kuchilumba kwathu ku Barra kuwerenga kumathera pa zala zingati. Ndinayembekeza kuti ndichita manyazi, koma sanabwere. Ndinangoyang'ana lamba wa akodiyoni.

Aka n'kachitatu, Amayi. Kawiri koyambako sindinakuuzeni. A Rennie sanakalipe. Anandipatsa tiyi n'kunena kuti amawalemekeza malemu abambo, koma ukwati sabwereza, ndipo ndikadzadulanso gule adzafuna munthu wina. Ukwati wotsatira ndi wa pa 19, ku Perth. Akandichotsa, akodiyoniyi ilowa kunsi kwa bedi, ndipo ndikudzidziwa ndekha kuti sindidzaitulutsanso.

Pempho langa ndi limodzi. Pawindo la kukhitchini pali kachitini ka fodya momwe muli timiyala ta abambo, tija ankatindanda pafupi ndi phazi lawo n'kumakankha kamodzi ndi nsapato nyimbo ikazungulira. Ndinkawaseka kuti munthu wamkulu akuwerenga ngati mwana. Munditumizire pa sitima ya pamadzi ya Lachiwiri.

Mukatsegula mupeza tisanu ndi tiwiri. Musavutike kufunafuna pansi pa kabati. Kachisanu ndi chitatu ndinakaika m'thumba la jekete ya abambo musanatseke bokosi la maliro, ndipo sindinauze munthu. Ngati bondo likulola, mukanditolere kena kumunsi kwa nyumba, kumene abambo ankakokera boti. Kakhale kophwatalala, kuti kasagubuduzike.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Ruairidh ndi alamu anga, kwa azakhali a Peigi, ndi kwa amalume a ku Vatersay. Azakhaliwo muwauze kuti sikafu ija ndimavala.

Ine mwana wanu,
Ishbel

Ndamaliza Lachinayi pa 10, nthawi ya 3 koloko masana. Mvula sinakate.