Lero Ba Tembo atsata Chanda

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira, fumbi lili kobo, ndipo ndabwera ndi kamanyazi.

Masana ndinapita kubwalo komwe bandi imaimba sabata iliyonse, kukasaka munthu woti ndimuseke m'nkhani yanga. A ku Makululu, a ku Kasanda, ngakhale akulu a mpingo amene amati akungodutsa, onse analipo.

Woimba ng'oma sanabwere. Amene anadzipereka ndi Chanda, yemwe watuluka m'ndende mwezi wathawu ndipo anthu akumuzembabe. Azimayi anakumbatira zikwama zawo. Tonse tinayang'ana Ba Tembo, mwini gitala, amene ankayang'anira akaidi kundende ya Mukobeko, komwe Chanda anali. Iwo akanakana, ndani akanamupatsanso moni Chanda?

Ba Tembo anamupatsa timitengo toimbira ng'oma. “Usathamange, iwe.”

“Bwana, zaka zisanu ndinkayenda momwe mwanenera. Lero mutsate ine.”

Anamutsatadi, thukuta lili kamukamu. Pofika nyimbo yachiwiri zikwama zija zinali pansi, eni ake ali pakati kudula chiuno.

Woti ndimuseke sindinamupeze. Kapena ndilembe za ineyo, wa digiri yanga, amene ndinagwirira foni m'thumba mpaka nyimbo yachinayi…