Tadala Waloweza Maseneta

Lachitatu, 12 Novembala. Kunja kwada msanga, tsiku lonse mtima uli zii.

Nditaweruka kuchipatala ku Romford, mwana wanga Tadala anaimba foni ali ku Amereka. Akukonzekera mayeso a unzika, ndiye anati ndizimufunsa za papepala limene ananditumizira. Ine kutchula chigawo, iye kutchula maseneta ake awiri. Texas, Ohio, Maryland, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Ndinamuyamikira, koma dzina lililonse limene amakhoza limandiuza kuti sabwereranso.

Pomaliza ndinamufunsa dzina la mudzi umene tinaika bambo ake ku Ntcheu. Anayankha m'Chingelezi kuti limenelo silibwera pa mayeso.

Akuti mawa tiyambire pa Virginia. Ndavomera.