Bala la pansi pa mchombo wa atate

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Kanyama mutu wanga wazungulira, koma ndiyambe ndi zabwino. Mlamu wanga, mkazi wa Mabvuto wanu, anachira. Ndi mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, koma kulira kwake, eee, komboni yonse imadzuka. Mpiru uja munabzala kuseri ukuphukabe. Madzi a mvula analowanso m'nyumba, tinakweza matilesi pa njerwa monga kale.

Nkhani ndi ya atate. Mkodzo unatsekeka, ndiye anawachita opaleshoni kuchipatala chachikulu m'tauni. Kiliniki ya kuntchito kwawo inatsekedwa kampani itagulitsidwa, dokotala amene ankawadziwa uja sitidziwa kumene anapita. Kuwodi ndinkakhala ndine, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza. Koma tsiku lowatulutsa, ba nesi atabwera kudzationetsa katsukidwe ka bala ndi kapaipi ka mkodzo, atate anangondiyang'ana, ine n'kutuluka. Mwana wamkazi aone pansi pa mchombo wa atate ake? Munandiphunzitsa ndinu. Anatsala nawo ndi Mabvuto, ine ndili chilili pakhonde ngati mlendo.

Mabvuto akuti anamva zonse. M'mawa mwake anakwera basi ya ku Nakonde kukaoda katundu, malangizo onse ali m'mutu mwake. Anangondiuza ali pakhomo, chikwama kumsana, kuti ndi madzi a mchere basi, zosavuta. Mchere wochuluka bwanji? Kapaipi kachotsedwa liti, akachotsa ndani? Pamene ndimakumbuka kufunsa n'kuti munthu atapita.

Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Amayi, ndafunsa mpaka mapazi atupa. Kukiliniki ya kuno akuti wong'amba ndiye adziwa, bwererani kuchipatala chachikulu. Pageti pa chipatala chachikulu akuti malamulo anasintha, yambirani kukiliniki kwanu. Uko anatipatsa mapilisi oyera, kuno atipatsa achikasu. Kaya ndi mankhwala amodzi angovala malaya osiyana, kaya ndi awiri, palibe wandiuza. Ndikuwamwetsa oyera okha, mtima uli m'mwamba.

Ndinapempha ba Zulu oyandikana nafe kuti awatsuke, poti ndi mwamuna mnzawo. Anabwera, anasuzumira, n'kunena kuti magazi amawachititsa chizungulire. Amalume ali kutali ku Petauke. Apo n'kuti bala litayamba kununkha, thupi likutentha, atate osafuna kudya. Ndinachita mantha, Amayi. Ndinaona kuti akutsatirani kumanda ine ndikuyang'ana.

Dzulo masana ndinawiritsa madzi, ndinathira mchere wongoyerekeza, n'kulowa kuchipinda kwanu. Ndinaika beseni pansi, n'kugwada. Atate anatembenuzira nkhope kukhoma, n'kutseka maso. Nditachotsa chitenje chimene anafunda anati, “Anabanda, mwabwera? Pang'onopang'ono.”

Dzina lanu, Amayi. Ine ndinangoyankha kuti ndabwera, n'kuyamba kutsuka.

Mpaka pano sindikumvetsa. Kodi ndi kutentha thupi kunawasokoneza, kapena anachita dala kuti tonse awiri tisafe ndi manyazi? Chifukwa pasanapite nthawi anandiitana dzina langa bwinobwino, akufuna tiyi wa shuga wambiri. Lero ndalowanso ndi beseni, akuitananinso inu. Kufunsa sindingawafunse.

Mawa ndibwereka wilibala ya ba Zulu, ndiwatengere kukiliniki pamodzi ndi mapilisi onse awiri. Sindichokapo mpaka nesi ataona balalo ndi kundionetsa ine mwini, ndi maso angawa. Pakhonde sindiimanso.

Ngati ndaphwanya mwambo, mundikhululukire, ndinasowa wofunsa. Dzina lanu ndalibwereka chabe. Bala likapola ndikubwezerani, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi